Tsiku Limene Ndinaphwetsa Nyanja ya Apwitikizi

Pali nkhani zina munthu umafotokoza uli chilili, manja ali m'thumba. Iyi ndi yofotokoza utazolika. Anzanga a pa esiteti anaiseka zaka zambiri, ena mpaka analowa nayo m'manda akusekabe, koma iwowo ankadziwa theka lokha. Theka linalo ndinalibisa, ndipo lero ndati ndilitulutse, poti pa msinkhu wangawu manyazi sakundilimira munda. Sekani ndithu, ine sindikwiya.

Dzina langa ndine Jailosi. M'zaka za m'ma fifite ndinkagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Kuthyola ndinathyolako, koma msana unandikana, ndiye anandipatsa ntchito yolondera damu limene linkapereka madzi kufakitale.

Pansi pa damulo panali chotsekera chachitsulo, chozungulira ngati chivundikiro cha mphika waukulu, chomangidwa ndi tcheni. Ukakoka tcheniyo, madzi onse amathawira kumtsinje. Tinkakoka kamodzi pa chaka pochotsa matope, ndipo pokhapokha Bwana atalamula. Amene ankalondera ine ndisanabwere anakoka tcheniyo atakhuta kachasu. Kutacha damu linali litauma gwa, nsomba zikuphiriphitha m'matope, ndipo dzuwa lisanalowe munthuyo anali pamsewu, iye, mkazi, ana ndi mitolo pamutu. Choncho ine madzi akatsika ngakhale chala chimodzi, ndinkathamangira kukayang'ana tcheni.

Manijala wathu tinkawatcha Bwana Mbedza, chifukwa nsomba zinawalowa m'mutu. Chaka chimenecho ananditenga kuti ndiziwanyamulira ndodo zowedzera. M'dzinja tinkawedza padamu pomwepo, nsomba zakukamwa kwakukulu zimene anachita kubwera nazo okha m'madiramu. Juni akafika tinkakwera phiri la Mulanje kukasaka tinsomba tamawangamawanga, m'madzi ozizira ofuna kukudula zala. Kukatentha tinkatsikira ku Ruo, kwa nsomba zamano ngati sowo.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti akagwira nsomba ankaiyeza, kuisisita, n'kuibweza m'madzi. Ndiwo yathunthu, anthuni!

"Bwana, imeneyo yalakwa chiyani kuti isadyedwe?"

"Sport, Jailosi. Sport!"

Ine sipoti ameneyo sindinamumvetse mpaka lero. Kunyumba ana anga ankadyera chigwada.

Chaka chonsecho pakamwa pa Bwana panali munthu mmodzi, Kaputeni Amade. Ameneyu anali ndi boti la injini kupitirira Kelimane, kwa Apwitikizi, ndipo ntchito yake inali kunyamula azungu ofuna kukawedza panyanja yamchere. Tikagwira nsomba yaikulu ine n'kuvina, Bwana ankangoti kwa Kaputeni nsomba ngati imeneyo ndi nyambo chabe.

Tsiku lina tili ku Ruo anandifunsa m'Chinyanja chawo chothyokathyoka.

"Jailosi, iwe dziwa nyanja ya mchere?"

Ndinkadziwa kuti ulendo wa kwa Kaputeni wayandikira, ndipo khukhi wa kunyumba kwawo naye ankaufuna. Pakamwa panga panathamanga, mutu n'kutsalira m'mbuyo.

"Bwana, ine ndi mwana wa kunyanja. Abambo anga anabadwira komweko. Mafunde ndi abale anga!"

"Good man! Iwe pita ndi ine."

Za abambozo zinali zoona. Koma ine ndinabadwira m'nyumba za antchito kuseri kwa fakitale, ndipo madzi aakulu amene ndinawaonapo anali damu langa lomwelo ndi Ruo atasefukira.

Lamlungu ndinapita kwa Changata kukatsanzika. Ababa anali atagwira thangata mpaka mphamvu zinawathera, ndipo nthawi imeneyo ankakhala kumudzi kwa amayi. Anali akudwala kuyambira mvula yapita: chifuwa, miyendo yotupa, thupi latha ngati nkhuni. Anali munthu wosakonda kukamba za kumene anachokera. Ukawafunsa ankangoti, "Kunali kutali," n'kuyamba nkhani ya chinangwa.

Ndinawapeza pakhonde, atatsamira khoma.

"Akuti ukupita kuti?"

"Kunyanja, ababa. Kupitirira Kelimane."

Anachoka pakhoma paja n'kukhala tsonga. Kenako anauza amayi kuti abweretse botolo lija la mankhwala a chifuwa. Linali botolo lakuda, losaonekera m'kati, lotsekedwa ndi chitsononkho. Analitembenuzatembenuza m'manja.

"Amayi anga ankaphika mchere," anatero. "Ankatunga madzi a m'nyanja n'kuwiritsa m'mapale mpaka patsale mchere wokha. Ine ndili mwana ndinkaviika chala n'kunyambita, iwo n'kumandithamangitsa ndi chikuni. Tsiku limene ndinathawa chibalo cha Apwitikizi sindinawatsanzike. Ndinati ndikakapeza nsalu ndidzabwerera. Taona imvizi."

Sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chonchi. Amayi anatembenukira kumbali n'kumapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Unditungire madzi amenewo. Sindikufuna nsomba, sindikufuna nsalu. Ndingonyowetsa lilime ndisanapite."

"Kupita kuti, ababa? Inu muchira."

"Iwe, usandinyengerere ngati khanda. Botolo ilo."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndinalonjeza. Ntchito yake inali yotani? Kuwerama ndi kutunga, basi. Ngakhale mwana wanga Lute, wa zaka zisanu, akanaitha.

Tinanyamuka pa galimoto ya Bwana, ine kumbuyo pamodzi ndi mabokosi. Tinadutsa Mulanje n'kulowa kwa Apwitikizi. Pachipata cha malire ndinaona asilikali awo, ndipo pakhoma la ofesi panali papachikidwa mbalamatodya, kathabwa kamabowo komenyera anthu m'manja, kamene ababa ankakatchula monong'ona. Ndinabisa manja anga m'khwapa osadziwa. Kuchoka apo linali fumbi lokhalokha, mpaka tinafika tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka.

Mayo ine! Madzi opanda tsidya! Ndinafuna kukhala pansi, koma ndinakumbukira kuti ndine mwana wa kunyanja, ndiye ndinangoyasamula ngati munthu wofika pakhomo pake.

Kaputeni Amade anali munthu wakuda ngati ife, wamfupi, wojintcha, wa kapusi yoyera, mano awiri akutsogolo kulibe. Chilomwe chathu ankachitha, poti amayi ake anali akumtunda. Bwana atandionetsa kwa iye monyadira, Kaputeni anayang'ana jekete langa ndi majombo akale a Bwana amene ndinavala, n'kumwetulira.

"Ndiye ndiwe wa kunyanja?"

"Kwambiri."

"Anthu akumtunda akafika kuno, choyamba amatulutsa botolo. Aliyense! Wina akuti ndi mankhwala a m'mimba, wina akuti ndi othamangitsira afiti. Lako lili kuti? Bwera nalo mawa, ndikakutungire pakati, pamene pali oyera."

Botolo linali m'thumba la jekete, likundigunda m'nthiti. Bwana anali chilili pomwepo, akundiyang'ana ngati ng'ombe imene agula motchipa.

"Ine botolo?" ndinatero, n'kuseka. "Munthu amatunga madzi a kwawo komwe ngati mlendo?"

"Pepani, mwini nyanja," anatero Kaputeni.

Apo ndi pamene ndinalakwa. Zina zonse zimene mukumvazi ndi mchira chabe.

Masiku awiri tinawedza. Tinkanyamuka dzuwa likutuluka, madzi ali thoo mpaka pamchenga, n'kubwerera dzuwa likulowa, madzi ali pomwepo. Ndati tinawedza, koma ndanama. Anawedza ndi iwo. Boti litangodumpha funde lachitatu, mwana wa kunyanja anagona pansi, mutu pakati pa zitini za nyambo, n'kusanza mpaka za Khirisimasi yapita.

Ndinamva kuti Bwana anagwira chinsomba chamlomo ngati mkondo, chotalika kuposa chitseko. Ndinangomva kukuwa kwawo. Kaputeni ankandidumpha popita ku injini, ndipo funde likamenya boti ankati, "Dzuka, abale ako akukupatsa moni!" Koma sanali munthu woipa. Ankandidulira ndimu kuti ndiyamwe, n'kundifunditsa thumba kumutu kuti dzuwa lisandiphe.

Botolo ndinkalikumbukira. Tsiku loyamba ndinati mutu sukudzuka, nditunga mawa. Tsiku lachiwiri ndinati Kaputeni akuona, nditunga mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lachitatu linali lobwerera. M'mawa Bwana ndi Kaputeni anapita kutauni kukafuna petulo ndi ayezi woikamo nsomba, n'kundisiya m'boti, pafupi ndi mtunda.

"Londera," anatero Bwana. "Usakhudze kanthu. Tinyamuka dzuwa lili paliwombo."

Ndinati eya, mwayi ndi umenewu. Koma pamchenga panali anthu akusoka maukonde, maso awo onse ali pa ine, ndipo ndinadziwa kuti ndikangotulutsa botolo nkhani ifika kwa Kaputeni. Ndinati ndidikire achoke.

Pafupi ndi boti panali mtengo wozikidwa m'madzi, ndipo pamtengopo panali chingwe cholowa pansi. Ndinayesa mono. Ndinati ababa anakana nsomba, inde, koma ndani amakana nsomba itafika m'mbale? Ndinakoka. Chinakana. Ndinaponda m'mbali mwa boti n'kukoka ndi mphamvu zonse, ndipo pansi china chake chinazuka, fwaa, thovu n'kukwera, matope akuda n'kuyandama.

Chimene chinatuluka sichinali mono. Chinali chitsulo chozungulira, cholemera, chadzimbiri, cha mphete pakati. Ndinachiyang'ana, icho n'kundiyang'ananso. Chinafanana ndi chinthu chimene ndinkachidziwa bwino. Ndinachitaya msanga n'kuyang'ana madzi. Anali pomwepo. Ndinati aa, palibe kanthu, n'kugona chagada kudikira anthu aja. Munthu amene sanadye masiku awiri, kadzuwa kakumuwotha, boti likumugwedeza ngati mwana kumsana, mukudziwa chimene chinachitika.

Chimene chinandidzutsa ndi bata. Boti silinkagwedezeka. Linali litapendekera mbali imodzi, ine nditakunkhunizikira kukona. Ndinadzutsa mutu n'kusuzumira.

Nyanja kulibe!

Ndinatikita maso. Kulibe ndithu! Matope okhaokha mpaka pamene maso amalekezera. Maboti onse atagona cham'mbali ngati ng'ombe zodwala, nkhanu zikuthamangathamanga, ndipo kutali uko kamzere konyezimira, madzi otsiriza akuthawa.

Munthu wa sukulu aseka apa. Koma ine sukulu yanga inali damu, ndipo damu linandiphunzitsa chinthu chimodzi: madzi sachoka okha. Akachoka, pali amene wakoka tcheni. Akuluakulu amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Anga anapita, koma kudalako sindinakuone.

Ndinaganiza za mlonda uja ndi mitolo yake pamutu. Uja anaphwetsa kadamu ka kampani. Nanga wophwetsa nyanja ya boma, boma lake la Apwitikizi, amamuchita chiyani? M'manja munayamba kuyabwa, ngati mbalamatodya yayamba kale ntchito.

Ndinadumphira m'matope. Ndinamira mpaka m'mawondo, jombo limodzi n'kutsala komweko, ndipo ndikhulupirira lilipobe. Ndinatsata chingwe, kupeza chitsulo chija, kuchikumbatira pachifuwa, n'kuyamba kufuna bowo lake.

Mabowo analipo, abale. Zikwi! Nkhanu iliyonse inali ndi lake. Ndikaona lokulirapo ndinkaikapo chitsulo, kupondapo ndi miyendo yonse, n'kuyang'ana kutali ngati madzi abwerera. Osabwerera. Ndichizule, ndipite pa lina.

Chapatali panali amayi ndi madengu, akutola nkhono m'matope mosatekeseka. Chisoni chinandigwira. Ndinati taonani, ayamba kale kukunkha zotsala, njala imene ndabweretsa pamudzi pano sidzatha. Ndinawayandikira, chitsulo chili pachifuwa, matope mpaka m'makutu. Ndinafunsa m'Chilomwe, osamva. M'Chinyanja, osamva. Ndinayesa Chizungu.

"Hole! Big hole! Where?"

Mayi wina wachikulire analoza kumene kunathawira madzi. Ndinathokoza n'kuyamba kulowera komweko. Ndikanapitirira, bwenzi lero mulibe wokufotokozerani, koma hutala ya galimoto inalira kumtunda.

Ndinabwerera pang'onopang'ono. Ndinaganiza zothawa, koma uthawira kuti m'dziko la eni, ndi jombo limodzi? Nditafika pamene panaima Bwana ndi Kaputeni ndinagwada, chitsulo n'kuchiika patsogolo pawo.

"Bwana, asamange munthu wina. Ndine."

"What? Iwe chita chiyani?"

"Nyanja, Bwana. Ndatsegula ndine. Sindinadziwe kuti chotsekera chawo amangochisiya poyera chonchi, chopanda loko!"

Bwana anayang'ana Kaputeni. Kaputeni anandiuza kuti ndibwereze m'Chilomwe, bwinobwino. Ndinabwereza zonse, kuyambira pa mono mpaka pa thovu. Nkhope yake sinagwedezeke ngakhale pang'ono. Anavula kapusi n'kuigwira pamtima, ngati pamaliro.

"Yonse?"

"Yonse, a Kaputeni."

"Ndakalambira pano, sindinaonepo munthu akukhudza chitsulo chimenechi. Bwanamkubwa wa ku Kelimane akamva..."

"Chonde, ndili ndi ana atatu!"

Anapukusa mutu. Kenako ananyamula chitsulocho, kuyenda mapazi angapo, kuchiponya pamatope n'kupondapo kamodzi.

"Bowo ndatseka. Tsopano idzaze asilikali asanabwere. Chitsime chili kuseri kwa nyumba yanga. Ndowa iyo."

Ndipo ine, Jailosi, bambo wa ana atatu, mlonda wa damu la kampani, ndinatenga ndowa.

Ndinatunga, kuthamanga, kukhuthula pamatope. Matope anamwa. Ndinabwereranso. Pa ndowa yachitatu osoka maukonde anasiya ntchito. Pa yachinayi amayi a nkhono anatula madengu. Pofika yachisanu mudzi wonse unali pamchenga, ukuwerenga mokweza m'chilankhulo chawo. Ine ndinayesa akundilimbikitsa. Bwana anali atakhala pakhomo la galimoto, nkhope yofiira psuu, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinati kalanga ine, mzungu akulira ndi ukali, ntchito yatha.

Nditakhuthula yachisanu ndi chiwiri ndinaima, kupuma wefuwefu, n'kufunsa ndi mtima wonse:

"A Kaputeni, ikukwerako?"

Pamenepo ndi pamene munthu uja anathyoka. Anagwa pamchenga, miyendo m'mwamba, kapusi uko. Mudzi wonse unaphulika. Mayi wachikulire uja anachita kumugwira anzake kuti asagwe chafufumimba m'matope.

"Mwana wa kunyanja!" anatero Kaputeni, misozi ili mbwembwembwe. "Nyanja imapita yokha, imabwera yokha, kawiri tsiku lililonse, chiyambire pamene Mulungu anailenga. Madzulo uipeza pano pamene waimapo. Chitsulocho n'chomangirapo mabwato!"

Safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi njuchi zomwe.

Ndinataya ndowa, kuthamangira kugalimoto, kudzipanikiza pakati pa mabokosi a ayezi n'kudzifunditsa chiguduli kumutu. Kunja chiseko chinkapita n'kubwera. Patapita kanthawi ndinamva munthu akundiponyera jekete langa, limene ndinalisiya m'boti, kenako dzanja likundisisita pamsana. Anali Kaputeni, ndipo mawu ake anali atafewa.

"Usakwiye, mbale wanga. Tonse tinayamba osadziwa. Pali chimene ukufuna kuno tisanasiyane?"

Ndisaname, botolo ndinalikumbukira. Linali pamwendo panga, m'jekete, lopanda kanthu. Ndipo madzi amchere analipo, m'zithaphwi zimene nyanja inasiya, mapazi makumi awiri kuchokera pagalimoto. Koma kuti nditulutse mutu m'chiguduli, pamaso pa anthu onse aja, n'kunena kuti nditungireniko madzi a kunyanja? Pakamwa pomwe paja, pamene panathamanga ku Ruo, tsopano panakana kutseguka.

"Palibe," ndinatero.

Injini inalira.

Ulendo wobwerera sindiufotokoza. Bwana ankayenda mamailosi angapo ali chete, kenako n'kumenya chiwongolero, "Seven buckets!" n'kuyambanso kuseka. Ine kumbuyo ndinkalira, fumbi likumata misozi. Tisanatsitse ngakhale katundu nkhani inali itafika kwa khukhi, ndipo kuyambira tsiku limenelo esiteti yonse inkanditcha Ndowa Seveni.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga ali pakhomo, osamwetulira.

"Bambo a Lute, musakhale pansi. Kwabwera uthenga kawiri kuchokera kwa Changata. Ababa asiya kudya. Akuti m'mawa uliwonse akungofunsa ngati mwabwera."

Ndinatula katundu pakhomo. Kenako ndinatsikira kudamu, kumene kunalibe munthu, n'kumiza botolo lija m'mphepete, pakati pa udzu. Ndinabwera nalo kukhitchini, kutapa mchere m'chikho n'kuyamba kuthira. Ndikhutchumule, ndilawe, ndithirenso. Kukoma kwa madzi a m'nyanja ndinkakudziwa, poti mafunde anandimwetsa okwanira.

"Bambo a Lute, mukuchita chiyani?"

"Make Lute, khalani chete."

"Mulungu akukuonanitu."

"Mulungu anandiona kale ndi ndowa."

Sanaseke. Anangonditsekera botolo ndi chitsononkho, kulipukuta ndi chitenje chake n'kundipatsa, maso ali kumbali.

Ndinabwereka njinga, ndipo ndinafika kwa Changata chakumasana. Pabwalo panali anthu, ndipo ukaona anthu atakhala chete pabwalo la wodwala, umadziwa. Ababa anali atawagoneka m'nyumba, pamphasa, pafupi ndi khomo kuti apeze mpweya. Amayi anali kumutu kwawo. Akuluampingo awiri anali atakhala kukhoma ndi mabuku a nyimbo. M'masiku ochepa aja munthu anali atatha, kutsala maso okha.

Koma masowo atandiona anawala. Sindidzaiwala, ndipo ndikanakonda kuiwala.

"Wabwera."

"Ndabwera, ababa."

"Unaiona?"

"Ndinaiona."

"Unaiona ikupita?"

"Ndinaiona, ababa. Inapita kutali kwambiri."

"Eya," anatero, akumwetulira. "Ikapita choncho, ife ana tinkathamangira nkhanu. Ukadzaona ikubwerera, thawa, imathamanga kuposa munthu."

Zinandilasa. Munthu uyu ankadziwa zonsezi, zaka zonsezi, ali pakhonde pomwepa, ndipo ine sindinakhalepo pansi kumufunsa.

"Botolo," anatero.

Amayi anawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa pawo. Anabweretsa kapu yachitsulo yoyera. Ababa anaigwira okha ndi manja awiri, ndipo ine ndinagwada, kuzula chitsononkho n'kuyamba kuthira. Madzi anatuluka bwinobwino, kenako pakhosi pa botolo panatsekeka pang'ono, ndipo china chake chinagwera m'kapu, chubwi.

Mbululu.

Kambululu kakuda, konenepa, kakufa ndi mchere wanga, kali chagada pakati pa kapu yoyera.

Ndinakaona. Ababa anakaona. Amayi anali kumbuyo kwawo, akuluampingo anali kutali. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Kuseka kwa mudzi wonse wa Kaputeni kunali kabwinoko kuposa bata la m'nyumba muja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule zonse, koma ababa anandiyang'ana m'maso n'kupukusa mutu pang'ono, kamodzi kokha.

Analowetsa chala chachikulu m'kapu, kukanikizira kanthu kaja m'mbali kuti kasaoneke, n'kukweza kapu kukamwa. Anamwa pang'ono. Anasunga madziwo m'kamwa nthawi yaitali, maso ali otseka, kenako anameza.

"Ndi omwewo," anatero mokweza, kuti onse amve. "Mwana wanga wanditungira madzi a kwathu."

Amayi anayamba kulira. Akuluampingo anati ameni, mmodzi n'kuyambitsa nyimbo chapansipansi, ndipo anthu a pabwalo anailandira. Ndinamva wina panja akunena kuti ana otere ndi osowa masiku ano.

Nyimbo ili m'kati, ababa ananditambasulira dzanja. Ndinayesa akufuna kundidalitsa, ndiye ndinaweramitsa mutu. Anandigwira khutu, monga ankachitira ndili mwana ndikaba nzimbe, n'kulikokera pakamwa pawo. Dzanja linalo linafunafuna chikhatho changa, kuikamo kanthu konyowa, n'kupinda zala zanga kuti ndifumbate.

"Jailosi," ananong'ona, "kwathu kulibe achule."

"Ababa, ine..."

"Khala chete, anthu akuimba." Anapuma kawiri, katatu, chifuwa chikulira. "Koma mchere wathira bwino."

Anamwalira patapita masiku awiri, osauza munthu aliyense, ngakhale amayi. Pamaliro anthu ankabwera kudzandigwira chanza, kundiyamika kuti ndinakwaniritsa khumbo lomaliza la bambo anga, ndipo ine ndinkalira kwambiri moti ankati taonani mmene ankawakondera. Kuwakonda ndinkawakonda. Koma chimene chinkandiliza n'chakuti munthu amene anali ndi masiku awiri okha padziko anamwa madzi a m'damu, ofera mbululu, kuti mwana wake wopusa asachite manyazi pamaso pa akuluampingo.

Ukafuna kunamiza bambo ako, yamba wasefa madzi.